Tsiku Limene a Clemente Adakana Thobwa

Ku Ntengo-Wambalame mwamuna aliyense adali ndi chimene ankadziwika nacho. Ena adali alimi a kachewere, ena oweta ng'ombe, ena ocheka matabwa. A Clemente Gama ntchito yawo idali ya unkhoswe, ndipo khasu lawo pa ntchitoyo idali mimba. Munda adali nawo ndithu, koma amene ankadziwa malire ake adali akazi awo, a Doroteia, amene iwo ankawatchula ndi mfunda kuti Nangozo. Eni akewo kukacha ankavala kazako, jekete lawo lakuda la mabatani atatu, n'kutenga ndodo, ulendo wokamanga mabanja a eni.

Maukwati amene adamanga adapitirira makumi atatu, kuyambira kwawoko mpaka ku Chidzolomondo. Sadali munthu wa mawu ambiri. Luso lawo lidali pa chikho. Mbali ziwiri zikatha kukambirana, mayi wa kuchimuna ankatulutsa thobwa m'chikho chachikulu, n'kulawa kaye pamaso pa anthu kuti aone kuti mulibe kanthu, kenaka n'kupereka kwa a Clemente. Iwo ankaimirira pakati pa bwalo n'kumwa osapumira, mmero ukukwera ndi kutsika, mpaka chikho chiume. Akatero ankachivundikira pansi, ndipo ukwati watheka. Palibe adawalamula kuti azitero. Adayamba okha ali mnyamata wosusuka, anthu n'kuzolowera, mpaka zidafika poti ukwati umene a Clemente sadaumwere thobwa, amayi kumtondo ankaunena kuti ndi wobwereka.

Nkhondo itafika, anthu adasonkhanitsidwa m'mudzi umodzi waukulu umene boma linkautcha aldeia, nyumba zili ndondondo ngati mizere ya nyemba. Mchere udasowa, sopo adasowa, shuga ana ankangomumva m'kamwa mwa akuluakulu. Wa ku loja, sitolo ya m'mudzimo, ankatsegulabe chitseko m'mawa uliwonse kuti anthu adzaonere matabwa opanda kanthu. Aliyense adaonda kupatula a Clemente, chifukwa kaya mfuti zilire kaya zisalire, anyamata sasiya kufunsira mbeta.

Choncho pamene iwonso adayamba kuonda, m'chaka cha oitenta e cinco, 1985, mudzi wonse udaona. Kazako uja adayamba kulendewera ngati wayanikidwa pa mtengo. Madzi ankamwa ngati ng'ombe yochokera kolima, ndipo pamsonkhano wa aldeia ankadzuka katatu kanayi kupita kuseri, mpaka a sekeretariyo, a Armando, adayamba kuganiza kuti akunyoza mawu a chipani. Chala cha kuphazi chimene adapunthwa nacho pa chitsa chidakana kupola mwezi wathunthu.

A Doroteia ndiwo adakapempha kalata ya ulendo n'kuwakokera amuna awo ku Tsangano. Kuchipatalako adapeza namwino wamwamuna, a Bonifácio, munthu wa ku Tete wosazolowera chisanu, atadzikulunga mpango m'khosi dzuwa likuswa mtengo. Mankhwala kudalibe, koma kudali kabotolo ka madzi a mtundu wa thambo. A Bonifácio adathira pang'ono m'kagalasi, n'kudonthezamo mkodzo wa a Clemente, n'kuwiritsa pa nyali. Madziwo adafiira ngati njerwa yootcha.

"Senhor Clemente, muli ndi matenda a shuga."

"Kamarada namwino," adatero a Clemente, "shuga ndidamuona komaliza pa ubatizo wa mwana wa a Filomena, ndipo mwanayo lero akubusa mbuzi."

A Bonifácio sadaseke. Adatsegula kabati n'kutulutsa pepala lachikasu limene adasiya Apwitikizi, n'kuyamba kuwerenga akumasulira.

"Musadye bolo, ndiye kuti keke. Musadye chokoleti. Musamwe zakumwa za m'mabotolo. Mpunga pang'ono. Buledi woyera pang'ono."

Nkhope ya a Clemente idawala.

"Zonsezo ndidasiya kalekale, boma lidandithandiza. Ndiye kuti ndachira, Nangozo tiyeni."

Namwino uja adabweza pepala m'kabati n'kutembenukira kwa a Doroteia.

"Amayi, bambowa amadya chiyani?"

A Doroteia adali atadikira funso limenelo zaka makumi atatu. Adayamba kupinda zala. Kachewere wophika m'mawa, mbale yodzadza. Masana nsima ya ufa woyera mitanda isanu, ngati sakumva bwino m'thupi. Nzimbe m'njira. Mapichesi nthawi yake, mpaka mtengo upepuke. Uchi wa ku Macanga akaupeza. Thobwa ndiye sadaliwerenge n'komwe, adangotambasula manja.

"Zonsezo zikalowa m'thupi zimasanduka shuga," adatero a Bonifácio, "ndipo thupi lanu latopa kumunyamula. Kuyambira lero mgaiwa, mtanda umodzi. Masamba ambiri, nyemba. Kachewere awiri aang'ono. Uchi, nzimbe, thobwa, musayerekeze. Mapiritsi ndilibe, ndipo galimoto yobweretsa idaotchedwa pamsewu. Mankhwala anu ndi mbale yanu. Mukachita makani, ayamba ndi maso, kenaka phazi ilo tidula, kapena tsiku lina mudzagona osadzukanso."

Adauyamba ulendo wobwerera. Atayandikira kumudzi a Clemente adaima.

"Nangozo, zimene mwamva zija zatsala ku Tsangano."

"Chifukwa?"

"Nkhoswe yoletsedwa thobwa ndi ng'oma yong'ambika. Ndani adzandiitananso?"

A Doroteia adalonjeza kusunga pakamwa, koma mphika adaugwira mwamphamvu. Tsiku loyamba adawaikira amuna awo mtanda umodzi wa mgaiwa, uli wokha pakati pa mbale ngati mwana wamasiye, pambali pali chisoso mulu.

"Kodi mbuzi zadwala kuti chakudya chake mwandipatsa ine?"

"Mbuzi zili bwino, a Gama. Sizidzuka kanayi pamsonkhano."

"Ufa woyera watha?"

"Ulipo, wa anthu a chala chopola."

Mlungu wachiwiri a Clemente adati akukaona munda. A Doroteia akadayenera kudabwa pomwepo. Adakafika kwa mnzawo wina wa ming'oma ya njuchi, n'kudya chisa cha uchi chachikulu ngati chikhatho, ndi china chaching'ono choperekeza. Adagona masiku awiri, lilime lili gwa ngati chikopa chouma, mutu ukulemera. Tsiku lachitatu atatuluka panja maso adali chifunga chokhachokha, mwakuti adavulira chipewa nkhokwe n'kuifunsa za kunyumba. Kuyambira pamenepo adadya chisoso chawo mwakachetechete. Patapita milungu ingapo ludzu lidachepa, chala chija n'kupola. Iwo adati chapola chifukwa cha mphepo ya chaka chimenecho. Akaitanidwa ku unkhoswe ankati phazi likadapweteka, adikire.

Koma mudzi sungakhale ndi funso lopanda yankho. Munthu amene adakana kuonda nkhondo yonse waonda mwadzidzidzi, waleka kumwa m'nyumba za anthu. Amayi kuchitsime adapima matendawo popanda nyali kapena kabotolo. A Clemente adadyetsedwa. Chidatsala n'kupeza nyumba, ndipo sadavutike kuifuna.

Kumapeto kwa mzere wotsiriza kunkakhala a Delfina, mayi wamasiye. Mwana wawo woyamba adagwidwa ndi a m'tchire, zigawenga zolimbana ndi boma, ali kubusa ng'ombe, osabwereranso. Mwa nzeru za m'aldeia, mayi amene mwana wake wabedwa ndi a m'tchire ndiye kuti ndi wophikira a m'tchirewo. Palibe ankakapala moto kwa a Delfina, palibe ankalawa kanthu pakhomo pawo. Tsono mwana wawo wachiwiri, Avelino, mnyamata wofatsa wodziwa kusema magoli a ng'ombe, adafunsira Mónica, mwana wa mlongo wawo wa a Clemente, amene iwo adamulera kuyambira ali wosavala. A Clemente adapitako kamodzi kukamva mawu, n'kukukuta chimanga chootcha chimodzi, nthawi yomwe ija kazako adayamba kulendewera. Umboni wina ungafunikenso wotani?

A Armando adali atalemba kale dzina la Avelino m'kabuku kawo ka anthu oyenera kukafunsidwa kwa asilikali. Opita kukafunsidwa masiku amenewo ankachedwa kubwera, ena mpaka lero akadayankhabe. Koma a sekeretariyo, pofuna kuoneka achilungamo, adanena pagulu kuti ngati a Clemente eni ake akamanga ukwatiwo n'kumwa thobwa pakhomo pa a Delfina, ndiye kuti nyumbayo ilibe mlandu, dzinalo adzalifufuta. Adanena dala, podziwa kuti nkhoswe idaleka kumwa.

Mónica adabwera masana ena n'kugwada chapatali.

"Atsibweni, miyezi iwiri tsopano phazi likupweteka, koma dzulo ndidakuonani mukuthamangitsa nkhuku."

"Inali nkhuku yaulesi."

"Lolemba likudzali akumutenga Avelino. Ngati nanunso mukuwaopa a Delfina, ndiuzeni, ndileke kuyembekeza."

A Clemente adayang'ana mwana amene ankamubereka pakhosi popita ku tchalitchi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Kawauze kuti Loweruka ndikubwera."

A Doroteia adati apite akawanong'oneze a Delfina za matendawo. A Clemente adakana kwamtuwagalu. Adati thobwa la nkhondo ndi madzi otsukira mphika, chimera pang'ono, chikho chimodzi sichingagwetse mwamuna. Chimene sadadziwe n'chakuti a Delfina, atamva kuti pakhomo pawo pakubwera mwambo woyamba m'zaka ziwiri, adamasula mbuzi yawo imodzi yokhayo, n'kuikoka kudzera m'tinjira timene anthu ankaopa mabomba okwirira, mpaka kutsidya kwa malire. Adabwerako ndi paketi ya shuga atamangirira m'chiuno.

Loweruka lija aldeia yonse idapezeka kuti ili ndi zochita kumapeto kwa mzere wotsiriza. Palibe adalowa m'bwalo. Adangoima kunja kwa mpanda, aliyense akuti amangodutsa. A Armando adakhala pa mpando umene adabwera nawo okha, kabuku kali pabondo. Mawu a ukwati sadatenge nthawi. Kenaka a Delfina adatuluka ndi chikho chachikulu. Adalawa, n'kugwada, n'kupereka.

A Clemente adaimirira pakati pa bwalo n'kukweza chikho. Thobwalo litangokhudza mlomo adadziwa. Lidali lokandapala, lotsekemera kuposa uchi uja udawalonjeretsa nkhokwe.

"Ndathira paketi yonse, ankhoswe," adanong'ona a Delfina. "Mbuzi yanga ili m'menemo."

Zaka zonse za moyo wawo sadagwirepo chikho chokoma chotero. Mmero udayamba kale kukwera ndi kutsika wokha. Koma adaona mawa lake bwinobwino. Akamwa chonsecho, mawa sadzuka pamphasa, mwina osadzukanso konse, ndipo mudzi udzati mfiti ija yamaliza ntchito yake pamaso pa anthu. Akakana, mudzi unena zomwezo lero lomwe, osadikira mawa. Kuseri kwa mpanda a Doroteia ankawayang'ana ndi diso limene ankayang'anira mphamba akamazungulira anapiye.

Adatsitsa chikho n'kuchiika pansi chili chodzadza.

Kunja kwa mpanda kudamveka phokoso ngati la njuchi. A Delfina adagwira pakamwa. A Armando adatsegula kabuku n'kunyambita pensulo.

"Dikirani, a sekeretariyo, ndili ndi mawu," adatero a Clemente. Adakonza kazako, ngakhale padalibe chokonza. "Mwakhala mukunena kuti ndidadyetsedwa. N'zoona. Mudandidyetsa nonsenu, zaka makumi atatu, nyumba ndi nyumba, ine osakana. Mayi awa okha ndiwo adandipatsa chimanga chimodzi basi. Ndili ndi matenda a shuga. Adandipeza nawo ku Tsangano. Thobwa ili ndikamwa, mawa mukumba manda, ndipo mudzanamizira mayi wosalakwa. Ndidabisa chifukwa cha manyazi. Ndatha."

Wina adaseka, ena n'kutsatira.

"Matenda a shuga?" adatero a Armando. "Kuno? Amenewo adali matenda a Apwitikizi a masitolo, adapita nawo kwawo. Kamarada Clemente, mukuopa chikho ndipo mukufuna kuphimba nyumba ino. Pepala la kuchipatala lili kuti?"

Pepala padalibe. A Bonifácio adali nalo limodzi lokha lija la bolo ndi chokoleti. Apa ndipo a Doroteia adakankha anthu n'kulowa m'bwalo.

"Pepala limalembedwa kuseri kwa nyumba yathu m'mawa uliwonse, a sekeretariyo, ndipo ndimasesa ndine. Pamene ataya madzi bambowa, nyerere zimasonkhana ngati pagwa chisa cha uchi. Apite kuseri uko akatayire pansi, inunso mutayire pambali pake, tione kumene nyerere zipite."

"Nangozo," adatero a Clemente chapansipansi, "mukundivula pagulu."

"Ndikuvuleni ine, kapena akamuvule Avelino kwa asilikali?"

A Armando adayesa kunena kuti udindo wawo sulola zoterozo, koma anthu a kunja kwa mpanda, amene ankangodutsa aja, adakuwa kuti chilungamo chioneke. Motero nkhoswe yamaukwati makumi atatu ndi sekeretariyo wa aldeia adapita kuseri kwa khola lopanda mbuzi lija, pamodzi ndi madoda awiri a mboni. Adachita zimene adatumidwa, wina apa wina apo, atafulatirana mwaulemu. Kenaka onse anayi adanjuta n'kuyamba kuyang'ana dothi.

Udali mwezi wa Outubro, dzuwa lili pamutu. Nyerere sizidziwa kuti anthu akudikira. Thukuta lidayenderera, mawondo a madoda adayamba kulira. Patapita nthawi kadatulukira kanyerere kamodzi, n'kulunjika pa malo a a Armando. Kadafika m'mphepete, kadaima, kadagwedeza tinyanga, n'kubwerera. A Armando adapumira m'mwamba ngati apambana mlandu, osadziwa kuti apambana chiyani. Kanyerere kaja kadazungulira n'kufika pa malo a a Clemente. Sikadachokepo msanga, ndipo pochoka kadathamanga. Posakhalitsa udabwera mzere wakuda kuchokera pansi pa khola, wina kuchokera ku mpanda, mpaka malowo adada bii.

Mmodzi wa madoda aja adadzuka akugwira msana.

"A sekeretariyo, pepani. Ngakhale nyerere sizibwera ku msonkhano wanu."

Atabwerera m'bwalo mboni zidanena zimene zidaona, ndipo sizidasiye kanthu. A Clemente adaima mutu uli pansi, anthu akupukuta misozi ya phwete. Koma iwo adadziwa kuti ntchito sidathe. Anthu adakhulupirira za matenda, koma pakhomo pa a Delfina padali pasadadyedwe kanthu pamaso pawo.

"Amayi," adatero kwa a Delfina, "inuyo mwadya chiyani lero?"

A Delfina adayang'ana pansi.

"Si za alendo, ankhoswe."

"Ndafunsa."

"Mkute wa gaga, ndi chisoso cha dzulo. Mulibe mchere."

"Ndicho chakudya chimene adandilembera a dotolo. Bweretsani. Musalawe, ndikudziwani."

Adakhala pansi pakati pa bwalo, miyendo tambalale, mbale ili pakati. Adadya pang'onopang'ono kuti wa kumbuyo kwenikweni aone, nkhope ili ngati ya munthu amene ali pamaliro a mnzake wapamtima. Chisoso chogona chopanda mchere sichifuna umboni wa nyerere kuti munthu adziwe kuti n'chowawa. Adatha chonse, n'kupukuta mbale ndi chala, n'kunyambita chalacho.

"Ukwati watheka," adatero. "Mónica ndi Avelino ndi banja. Nyumba ino ndadyamo ine. Amene ali nayo mawu adzandipeze kwathu."

"Nanga thobwali?" adafunsa wina kunja kwa mpanda.

"Muli paketi yathunthu ya shuga. Koma poti mudati mayiwa ndi mfiti, ndiye litayidwe."

Sadaonekepo anthu olimba mtima ngati a tsiku limenelo. Amene adalumbira kuti sadzaponda pakhomopo adapezeka ali m'bwalo, ena atatulutsa zikho zimene mwangozi adali nazo m'nsalu. Woyamba kumwa adali a Armando, amene adati udindo wawo ukuwakakamiza kufufuza. Adafufuza zikho ziwiri. Atapukuta pakamwa adatsegula kabuku, n'kukhwatcha dzina la Avelino anthu akuona. A Delfina adalowa m'nyumba kukalira, ndipo amayi atatu adawatsatira kukawatonthoza, mmodzi wa iwo ndi amene adayambitsa nkhani ya kudyetsa ija.

A Clemente ankaopa kuti palibe adzawaitanenso. Adalakwitsa. Mbiri idafika mpaka ku Chidzolomondo kuti nkhoswe yotchuka ija tsopano sifuna thobwa, sifuna nkhuku, imangofuna masamba a kuseri kwa nyumba. M'nthawi ya njala nkhani yabwino yoposa imeneyo kudalibe. Adaitanidwa kuposa kale, ndipo amayi ankapikisana kuwaonetsa chikondi. Uyu chisoso, uyu luni, uyu mnadzi, aliyense akukhulupirira kuti chowawa kwambiri ndicho chichiritsa msanga. Chaka chotsatira aldeia itaotchedwa adathawira ku Malawi pamodzi ndi anthu onse, Avelino atanyamula katundu wawo, ndipo ngakhale kumsasa wa othawa nkhondo adamangako maukwati asanu ndi awiri. Mtendere utabwera adabwerera kwawo ndi mapazi awo onse awiri, akuona njira ndi maso awo.

Madzulo ena, atakalamba ndithu, adafika kunyumba kuchokera ku unkhoswe wina n'kudzigwetsa pakhonde.

"Kwayenda bwanji, a Gama?" adafunsa a Doroteia.

"Andiphikira mnadzi wosatsanula madzi oyamba. Mbale yake ngati beseni losambira."

"Mwasiyako?"

"Ndikadasiya bwanji, ana a eni ali kundiyang'ana?"